Galimoto Yodya Dzuwa

Galimoto imene Stafford ankayendetsa inali yosiyana ndi zina zonse pa Boma la Mwanza. Inabwera ndi azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, amene anazungulira nayo maiko ambirimbiri akugona momwemo ndi kuphika momwemo. Atatopa nako kuyendayenda anaisiya pachipatala china cha mishoni n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Achipatala anachotsamo mbaula, n'kusiya kabedi kamodzi, makabati ndi kafiliji, ndipo kuyambira pamenepo galimotoyo inkayenda m'midzi kukachititsa sikelo ya ana.

Padenga pake panali magalasi awiri akuda otchera dzuwa. Magalasiwo ankadzaza mabatire amene anali pansi pa kabedi, mabatirewo n'kumayendetsa filiji, ndipo m'filijimo ndi mmene munkakhala katemera. Pakhoma, pafupi ndi chitseko, panali kageji kokhala ndi muvi. Muviwo ukaloza pobiriwira, zinthu zili bwino. Ukatsikira pachikasu, thamanga nayo padzuwa galimotoyo. Ukafika pofiira, dziwa kuti filiji yatsala pang'ono kuzima. Kuyang'ana muviwo katatu pa tsiku, kusuzumira kachoyezera kuzizira m'filiji, n'kulemba zonsezo papepala lopachikidwa pamsomali, inali ntchito ya Stafford.

Ndipo tisamunamizire munthu, ntchitoyo ankaidziwa. Mmawa uliwonse ankayamba wapukuta magalasi aja asanasukusule n'komwe nkhope yake. Madalaivala anzake, amene ankalimbirana mthunzi wa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ankamuseka kuti iye amayendetsa buluzi, poti galimoto yake nthawi zonse inkapezeka ili gone padzuwa. Iye ankangowayankha kuti zawozo zimamwa petulo basi, koma yake imadyanso dzuwa.

Mu Okutobala wa 1988 chikuku chinavuta. Chinayambira cha kumalire, kumene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anaunjikana, kenaka chinayamba kukwera mapiri mudzi ndi mudzi. Achipatala anatuma galimotoyo kwa Kanduku pamodzi ndi nesi wawo, a Rozina, mayi a ku Nkhotakota osaseka wamba. Anagwirizana kuti anyamuke Loweruka, a Rozina akatsikire kwa aphunzitsi pasukulu kuti Lamulungu azungulire m'matchalitchi kulengeza, ndipo Lolemba akabaye ana pabwalo. Galimoto inayenera kukagona masiku awiriwo pamudzi woyandikana ndi bwalolo. Mudziwo unali kuchikamwini kwa Stafford.

Kumeneko Stafford sankawerengedwa kwenikweni. Zaka zitatu chikwatirireni Deliwe, anali asanamange nyumba pamudzipo, asanagwireko khasu m'munda mwa apongozi ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankamunena kuti mkamwini wa pa Khirisimasi, poti ndiyo nthawi imene ankaoneka. Deliwe anali kwawoko ndi mwana wawo Esime, wa miyezi khumi, chifukwa kachipinda ka Stafford ku Boma kanali kochepa. A Petro, bambo ake a Deliwe, akakumana ndi mpongozi wawoyo ankangoti, "Mwafika? Mwayenda bwanji?" basi nkhani yatha. Zimenezi zinkamuwawa Stafford, ngakhale kuti sanauzepo munthu.

Ndiye Loweruka lija, dzuwa lili paliwombo, atawatsitsa a Rozina, anakhota kulowa pamudzi n'kuona chinthu chimene sichinalipo kale. Pakati pa nyumba ya a Petro ndi nkhokwe panali chisakasa chachitali, cha mitengo yosenda bwino, chofolera ndi udzu watsopano wothina moti dontho la mvula silikanapyola. A Petro anaima kutsogolo kwake atavala jekete ya kutchalitchi, akukodola ndi manja onse awiri ngati wapolisi wa pamsewu.

"Lowetsani muno, apongozi! Bwerani, bwerani, khotetsani pang'ono. Galimoto ya chipatala ipse ndi dzuwa pakhomo panga, anthu akuona? Iyayi."

Stafford anazimitsa injini n'kutsika. Anagwada chapatali monga mwa ulemu, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mwavutika nazo kwambiri izi."

"Kuvutika kwa chiyani? Masiku anayi okha. Titangomva kuti mukubwera nayo, ndinapalasa njinga mpaka ku Boma. Inu munalibe, munapita kukadya. Ndinaiyeza ndekha ndi nsungwi, m'litali ndi m'mwamba momwe. Muona, ilowa ndendende."

Zikhato za mkuluyo zinali ndi matuza ophulika. Cha kukhitchini apongozi aakazi anali atakhala ndi amayi anzawo, ndipo mmodzi anayimba nthungululu. Deliwe anaima pakhonde mwana ali kumsana, akumwetulira kumwetulira kumene Stafford anali asanakuonepo pamudzi umenewu.

Mawu analipo, ndipo anali ochepa: galimotoyi siifuna mthunzi. Anafika pakhosi, koma pakamwa sanatuluke. Kodi mkamwini wosamanga nyumba angaime bwanji pamaso pa anthu n'kuuza apongozi ake kuti nyumba imene iwo amanga njolakwika? Anakwera, nalowetsa galimoto m'chisakasamo. Inalowadi ndendende, ndipo anthu anaomba m'manja. Atasuzumira kageji anapeza muvi uli pobiriwira penipeni. Mumtima anati usiku umodzi si kanthu, mawa m'mamawa aitulutsa.

Mawa lakelo anadzuka ndi makiyi m'manja, koma anapeza a Petro atamudzukirira kale. Anali atasesa mozungulira, atawaza madzi kuti fumbi ligone, ndipo pakhomo pa chisakasa anali atatchingapo nthambi zaminga kuti mbuzi zisakande utoto.

"Mukupita nayo kuti, apongozi? Lero ndi Lamulungu. Ipume nayonso."

"Ndimati ndingoona m'katimu, bambo."

Muvi unali utatsamira kumapeto kwa pobiriwira. Stafford anayang'ana pepala, nayang'ana bolopeni, koma sanalembe. Anati alemba akaitulutsa, ndipo aitulutsa akabwera kutchalitchi.

Pochokera kutchalitchi anthu sanalunjike kwawo. Anakhamukira kwa a Petro kudzaona nyumba yoyenda ndi nyumba yake yogonamo. Anabweranso atcheyamani a nthambi ya chipani, baji ili pachifuwa, kudzatsimikiza kuti mayi aliyense wamva za sikelo. Anazungulira chisakasacho kawiri, akugogoda nsanamira ndi ndodo, n'kunena kuti chitukuko chimene amanena pawailesi n'chimenechi, munthu wa kumudzi kusamala katundu wothandiza anthu popanda womutuma. A Petro anangoti mano mbee. Anatulutsa mpando wawo wandalema, umene sankakhalapo munthu wina aliyense, n'kumukhazikapo Stafford. Tambala anaphedwa. Thobwa linabwera m'chidebe. Ndipo pomuonetsa kwa atcheyamani, mkuluyo sanati "mkamwini wathu" ayi. Anati, "Uyu ndi mwana wanga, amene amayendetsa chipatala chonsechi."

Munthu amene wadikira mawu oterowo zaka zitatu sakhala ndi changu chowataya. Stafford anakhala pampandopo, thobwa likumuzizira bwino pakhosi, mtima ukumuuza kuti dzuka, miyendo ikukana.

Masana ananamizira kukatenga mpango, nalowa m'galimoto. Muvi unali pachikasu. Akanatha kuliza injini kuti mabatire adzadzeko, koma petulo anali woyezera ulendo wobwerera, ndiponso anthu akanafunsa chifukwa chake, yankho lake n'kukhala lomwe lija ankalithawa. Anatuluka mpango uli m'manja, akusekerera ngati palibe kanthu. Atalowanso cha m'ma folo koloko, muvi unali gone pofiira. Anatchera khutu. Kaphokoso ka filiji, kamene anakazolowera moti sankakamvanso, kanali katasiya. M'galimotomo munali zii, ndipo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa.

Thukuta linamutsika m'khosi. Komabe anapeza chodzinamiza nacho china: dzuwa lapendeka kale, kuitulutsa tsopano sikuthandiza, ndipo filiji ikakhala yotseka imasunga kuzizira. Anatseka chitseko bwinobwino n'kubwerera pampando. Nyama ya tambala itabwera anangoitola kawiri n'kusamba m'manja. Deliwe anamuyang'ana, koma pa anthu sanafunse.

Lolemba kutangocha Stafford anatsekula filiji ija. Timabotolo ta madzi oundana timene ankayala m'mbali tinali titasungunuka, madzi ake ofunda ngati osambitsira khanda. Kachoyezera kanali katakwera kupitirira kutali pamzere umene a Rozina anaulemba ndi inki yofiira. Katemera yekha ndiye anali chimodzimodzi, timabotolo tili ndondondo m'bokosi mwake, toyera bwino ngati palibe chachitika.

Apa m'pamene panali poipa pake, ndipo Stafford ankapadziwa. A Rozina anamuphunzitsa kangapo kuti katemera akatenthedwa amafa, koma maonekedwe sasintha. Mwana abayidwa, alira, khadi lake lilembedwa kuti walandira, mayi apita kwawo mtima uli m'malo. Chikuku chikabwera chimupeza mwanayo ali pambalambanda, ndipo palibe amene angamubayenso chifukwa khadi likuti anabayidwa kale.

Tsopano chifukwa chotulutsira galimoto chinalipo, poti inayenera kupita pabwalo. Anachotsa minga ija, nabwerera nayo chambuyo, a Petro akumuwongolera monyadira. Pabwalo anaiimika poyera, injini n'kuisiya ikulira. Filiji inadzuka. Dzuwa la Okutobala silinyengerera, moti pofika naini koloko muvi unali utabwerera pachikasu, kachoyezera katatsika, m'filiji mukuzizira ngati kale. Stafford anatenga pepala lija. Mipata isanu inali yosalemba. Anaidzaza yonse, akusinthasintha manambala pang'ono kuti aoneke ngati a masiku osiyana. Anali asanachitepo zimenezi chiyambire ntchito, ndipo zinamunyansa kuti zinali zosavuta chotero.

A Rozina anafika pa njinga ya aphunzitsi. Anathamangitsa maso papepala, napisa dzanja m'filiji.

"Zili bwino. Inu ndiye sindikayika nanu, a Stafford. Akanakhala ena aja bwenzi ndikufunsa kawiri. Pachikani sikelo tiyambe."

Bola akanamutukwana. Anapachika sikelo panthambi ya mkuyu mutu uli pansi.

Amayi anali atadzaza bwalo, oposa zana, ena atavala nsalu za chipani, ena atayenda kuchokera kuseri kwa mapiri kusanache. Mzere unayamba kuyenda. Ntchito ya Stafford inali kugwira kamkono ka mwana kuti asapiringizike pamene a Rozina akubaya. Anagwira woyamba. Anagwira wachiwiri. Aliyense akalira, mayi wake ankaseka n'kumutonthoza kuti basi zatha, wapulumuka. Stafford ankadziuza kuti mwina katemerayo sanafe yense, mwina usiku kunazizirako, mwina a Rozina amangowonjezera poopseza. Atagwira wachisanu ndi chiwiri anadzutsa maso, n'kuona Deliwe ali pamzere, patsogolo pake patatsala amayi anayi, akumasula Esime kumsana.

Pamenepo ma "mwina" onse aja anabalalika. Anapempha mayi wina kuti agwirizire ana, nakodola mkazi wake kuseri kwa galimoto.

"Iwe, mwanayu asabayidwe lero. Pita naye kunyumba."

"Bwanji? Sakudwala ayi."

"Ndidzamutenga sabata yamawa, akabayidwe ku Boma."

"Ku Boma, mankhwala ali pompano? Anthu ati chiyani, mwana wa adalaivala kuthawa jakisoni?"

"Tangomvera zimene ndikunenazi."

Deliwe anamuyang'anitsitsa. Sanapite patali ndi sukulu, koma mwamuna wake ankamudziwa.

"Bambo a Esime, tandiyang'anani. Dzulo simunadye. Mankhwalawa ali bwanji?"

Stafford anayang'ana tayala.

"Filiji inazima dzulo. M'chisakasa muja simulowa dzuwa."

"Ndiye ndi oipa?"

"Sapweteka mwana. Kungoti sagwira ntchito."

"Mayo ine! Nanga awa abayidwawa?"

Kutsogolo kwa galimoto mwana wina analira, wachisanu ndi chitatu. Deliwe anabwezera Esime kumsana, namanga nsalu mwamphamvu. Mawu ake anatsika.

"Ndiye mumati mupulumutse wanu yekha, a anzangawa azipita? Uyo akulirayo ndi wa Liness, tinavinidwa limodzi. Mukanena nokha, kapena ndikanene ine?"

Kuchokera kuseri kwa galimoto kufika pa tebulo la a Rozina panali mapazi khumi okha, koma Stafford anawayenda ngati akukwera phiri. Anafika a Rozina akukoka mankhwala ena m'kabotolo.

"Anesi, taimani. Musabayenso."

Anafotokoza zonse ali chiimire. A Rozina anaika jakisoni pansi mosamala. Sanakalipe. Analowa m'galimoto, natuluka ndi pepala lija, naliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Izi munalemba liti?"

"Mmawa uno."

"Zonse zisanu?"

"Eya."

"Filiji kuzima si mlandu, a Stafford. Zimachitika. Mukanandiuza pofika paja, bwenzi titangopepesa anthu n'kubwerera kukatenga wina. Koma mwandisandutsa ine wobaya madzi ana a eni." Anapinda pepalalo nalilowetsa m'thumba la yunifolomu. "Ili likafika kwa akuluakulu mmene lililimu. Tsopano kwerani apo muwauze amayiwa. Ine pakamwa panga sipanama, sindikunenerani."

Stafford anakwera pachitsiko cha galimoto. Bwalo lonse linati zii, kupatula ana. Ananena kuti katemera wawonongeka, kuti anatenthedwa chifukwa galimoto inakhala pamthunzi masiku awiri, kuti wolakwa ndi iyeyo, ndipo abwerenso Lachinayi akabweretsa wina. Phokoso linabuka. Wina anafuula kuti iwo asiya minda yosasosa, wina kuti Lachinayi mwamuna wake sangamulolenso. Atcheyamani anagwedeza mutu n'kutulutsa kabuku kawo. Koma zimenezi Stafford sanazimve kwenikweni, chifukwa anaona a Petro akudutsa pakati pa amayi, chipewa chili m'manja, nkhope itagwa.

"Apongozi, ndamva bwino? Ndiye kuti chisakasa changa chija n'chimene chawononga mankhwala a ana?"

"Iyayi, bambo. Ndine. Inu simunadziwe."

"Inu munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Kuyambira Loweruka?"

Stafford anangogwedeza mutu kuvomera. Mkuluyo anayang'ana zikhato zake, kenaka anayang'ana amayi aja, amene tsopano ankaloza iye ndi milomo.

"Udzutu uja, apongozi. Udzu chabe. Mukanangonena, bwenzi nditasasula ndekha, n'kuseka. Munandiona ngati munthu wosamva?"

Sanadikire yankho. Anavala chipewa n'kutembenuka, akuyenda pang'onopang'ono ngati wakalamba tsiku lomwelo. Manyazi amene Stafford anawathawa Loweruka anali aang'ono, a mphindi imodzi. Awa anali atawagawira ndi mkulu wosalakwa, pamaso pa mudzi wonse.

A Rozina anamupatsa bolopeni. "Makhadi asanu ndi atatu. Kawatoleni nokha, tifafanize. Tikapanda kutero anawa sadzabayidwanso."

Stafford anayenda pakati pa amayi akufunsa mmodzimmodzi. Liness anamuponyera khadi pansi osamuyang'ana, iye n'kuwerama kutola. Ena anamupatsa akung'ung'udza. Asanu ndi awiri anapezeka msanga. Lachisanu ndi chitatu analipeza kumapeto kwa bwalo, kwa mayi wina wamng'ono, wopanda nsapato, amene anali atabereka kale mwana wake kuti aziyamba ulendo. Anali uja woyamba pamzere. Miyendo yake inali yotuwa ndi fumbi mpaka m'maondo.

"Mayi, ndimapempha khadi la mwana. Tikonze, kuti Lachinayi adzabayidwenso."

Mayiyo anatulutsa khadi m'kapepala ka pulasitiki mmene analikulunga, koma sanalipereke msanga.

"Ndamva zimene mwanena, bambo. Ife kwathu n'kutali, kuseri kwa phiri ilo. Mkulu wake wa uyu tinaika mwezi wathawu, chikuku chomwechi. N'chifukwa chake ndinalawirira, kuti ndikhale woyamba." Anasuntha mwana kumsana. "Ndingofunsa nawo, musandiyese wamwano. Paja mumamugwira mkono uyu, akumubaya, munali mukudziwa?"

Stafford anafuna kunena za chisakasa, za ulemu wa apongozi, za ma "mwina" ake aja. Zonse zinamuthera m'kamwa.

"Ndinali ndikudziwa, mayi."

"Oho," anatero mayiyo. "Ndipo ine ndinakuthokozani."

Anagwada monga achitira mayi kwa munthu wa ntchito, namupatsa khadilo ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali.